Mabushi a polyurethane akulira: girizi wake ndi uti, ndipo apakidwe pati?

Wowerenga wina walemba kuti: "Akatswiri, miyezi 8 yapitayo ndinachotsa mabushi a labala amene anabwera ndi galimoto yanga n'kuikamo a polyurethane, ofiira aja, m'ma control arm akutsogolo ndi pa stabilizer. Poyamba zonse zinali bwino, ngakhale chiwongolero chinasiya kugwedera. Koma pano ndikangodutsa pa hampu kapena pa dzenje galimoto ikumalira kwii kwii ngati bedi lakale la masipuling'i, makamaka m'mawa ndiponso mvula ikagwa. Ndinapopera mafuta omasulira mabawuti, inakhala chete masiku awiri, kenako phokoso linabwerera kuposa kale. Makaniko wina akuti ndipake girizi wamba wa ma bearing, wina akuti mabushi sapakidwa girizi n'komwe. Ndimvere ndani? Kapena mabushiwa atha kale?"

Bambo, mtima ukhale m'malo. Kulira kotereku pakokha sikusonyeza kuti mabushi anu atha. Polyurethane, amene ndi pulasitiki wonga labala koma wolimbirapo, akauma amalira basi, ndipo miyezi 8 ndi yokwanira kuti girizi amene anapakidwa poika mabushiwo akhale atakokoloka, makamaka ngati anali wochepa kapena wa mtundu wina. Amakaniko anu awiriwo aliyense wanena mbali ya zoona, kungoti m'maganizo mwawo muli mabushi osiyana. Tiyambire pamenepo.

Bushi la labala lochokera ku fakitale limapangidwa chonchi: pakati pali kapaipi kachitsulo kamene bawuti limadutsamo, kunja kuli chigoba chachitsulo, ndipo labala anamumatirira kolimba ku zitsulo ziwirizi. Control arm, mkono wachitsulo umene umalumikiza tayala ku thupi la galimoto, ikamakwera ndi kutsika palibe chimene chimatsetsereka pa chinzake. Labalayo amangopotokola n'kubwerera m'malo. Pamene palibe kukhulana girizi alibepo ntchito, ndipo girizi wopangidwa kuchokera ku petroleum amachita kumuwononga labala, amamufewetsa ndi kumutupitsa mpaka amamatuka pa chitsulo. Amene anati mabushi sapakidwa girizi akunena za amenewa, ndipo pa amenewa sanalakwe.

La polyurethane ndi nkhani ina. Silinamatiridwe pa kapaipi kaja, ndiponso ndi lolimba moti silingapotokoke ngati labala. Pa muyeso wa kulimba wotchedwa Shore A, labala wa mabushi ambiri amakhala pakati pa 50 ndi 70, pamene polyurethane amayambira cha pa 70 kukafika 95. Choncho m'malo mopotokola, bushilo limazungulira pa kapaipi monga chitseko chimazungulira pa hinji. Pakakhala girizi limatsetsereka mwakachetechete. Pakauma limagwira chitsulo, mphamvu ikachuluka limaphonyoka mwadzidzidzi, limagwiranso, limaphonyokanso, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kugwira ndi kuphonyoka kumeneko ndiye kwii kwii mukumvayo. M'mawa kukazizira polyurethane amaumirirapo, ndipo madzi a mvula amalowetsa matope pamene panayenera kukhala girizi, n'chifukwa chake phokoso limakula nthawi zimene mwatchulazo.

Musanamasule bawuti lililonse, tsimikizani kaye kuti olira ndi mabushiwo. Phokoso la pansi pa galimoto limanamiza, limayenda m'chitsulo, moti limene mukulimva kumanzere likhoza kukhala lochokera kumanja. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki, ndipo mnzanu azidinikiza kona imodzi n'kumaisiya inu mukumvetsera cha m'mbali. Tengani botolo lopopera la madzi a sopo pang'ono, mupopere bushi limodzi lokha, mnzanu adinikizenso. Bushi limene lakhala chete mutalinyowetsa ndilo lolira. Muzipopera limodzilimodzi, chifukwa mukanyowetsa onse nthawi imodzi simudziwa kuti mwini phokoso anali uti. Njira ina yachidule ndi kumasula mbali zonse ziwiri ma link, tizitsulo togwira nsonga za stabilizer (chitsulo chopingasa chimene chimachepetsa kupendekeka kwa galimoto pokhota), kuwamanga ndi waya kuti asakhudze kanthu, n'kuyesanso. Phokoso likatha, vuto lili pa mabushi awiri a stabilizer, ndipo nthawi zambiri ndi amenewo amene amayamba kulira. Mukafuna kuyesa poyendetsa, muyende pang'onopang'ono kamtunda kakafupi, popeza galimoto yomasulidwa stabilizer imapendekeka kwambiri pokhota.

Chimene sindikufuna kuti muchiphonye ndi ball joint, mfundo yozungulira imene imalumikiza control arm ndi chitsulo chogwira tayala. Labala wake wotchinga fumbi akang'ambika, girizi amatuluka, ndipo imalira mofanana kwambiri ndi bushi louma, makamaka mukamatembenuza chiwongolero galimoto ili chiimire. Bushi louma limangosowetsa mtendere, koma ball joint youma ikhoza kuguluka muli pamsewu, tayala n'kupindikira m'kati. Ngati kulirako kukutsatira chiwongolero, kapena mukumvanso kugunda kwa gu gu pa mabampu, nkhani si ya girizi ayi, galimotoyo ionedwe ndi makaniko isanayende ulendo wautali.

Za mafuta munapopera aja. Mafuta a mtundu wa WD-40 ndi anzake ndi opyapyala ngati madzi, ndipo mbali yake yaikulu ndi zosungunulira zimene zimauluka. Analowa m'mphepete mwa bushi, anafewetsa pang'ono, galimoto inakhala chete. Koma polowamo anasungunulanso kagirizi kamene kanatsala n'kutuluka nako, ndipo atauma bushi linatsala louma kuposa poyamba. Ngakhale silicone wopopera, amene sawononga bushi, amangothandiza masiku ochepa, chifukwa bawuti likamangidwa mpata wa pakati pa bushi ndi kapaipi ndi wothina moti chopopera sichifika pakati penipeni. Palibe njira ya kunja imene imakhalitsa. Bushi liyenera kumasulidwa, kutsukidwa, n'kupakidwa m'kati.

Girizi amene amagwirizana ndi polyurethane ndi wa silicone wosakaniza ndi PTFE, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Teflon. Amakhala woyererako kapena woonekera, ndipo amamata ngati ulimbo. Mukamugwira sachoka m'manja ndi madzi okha, ndipo khalidwe limenelo ndi limene tikufuna, popeza pansi pa galimoto pamakumana madzi, fumbi ndi kupanikizika. Makampani ambiri opanga mabushiwa amaika kapaketi ka girizi m'bokosi momwemo, ena amagulitsanso payekha, monga Formula 5 Prelube wa Energy Suspension kapena Super Grease wa Prothane. Alipo makampani ena amene amapereka girizi wakuda wa molybdenum. Ngati pepala la m'bokosi lanu likunena zimenezo, tsatirani pepalalo, chifukwa wopanga amadziwa chimene anasakaniza mu polyurethane wakeyo.

Nanga girizi wamba wa ma bearing amene makaniko wina uja anatchula? Polyurethane amapirira mafuta kuposa labala, ndiye sikuti bushi lisungunuka usiku umodzi. Vuto ndi lakuti girizi ameneyu samata mokwanira. Amafinyidwira kunja bushi likamagwira ntchito, madzi amamukokolola, ndipo pakatha miyezi yochepa mubwereranso pansi pa galimoto. Komanso akadontha pa labala wa ball joint kapena pa bushi la labala loyandikana nalo amawononga. Ngati wa silicone wasoweratu ndipo galimoto ikufunika, girizi wa maboti, amene sakokoloka ndi madzi, ndi woposako wamba uja, koma mumutenge ngati wongogwirizira. Musasakanize magirizi awiri osiyana m'bushi limodzi, wakale achoke yense kaye. Ndipo chenjerani ndi dzina lakuti silicone: silicone womatira magasiketi ndi magalasi si girizi. Amauma n'kukhala ngati labala, ndipo m'bushi amangowonjezera mavuto. Brake fluid, thinasi ndi acetone zisayandikire polyurethane ngakhale potsukira. Oyilo wakale wa injini nayenso ayi.

Yambani ndi stabilizer, poti ndi yosavuta. Matayala onse awiri akutsogolo akhale pa msinkhu umodzi, kaya onse ali pansi kapena onse akwezedwa, kuti chitsulocho chisakhale chopotoka. Mukakweza mbali imodzi yokha chimakhala ndi mphamvu, ndipo bulaketi ikhoza kukudumphirani pomasula. Bushi lililonse limagwiridwa ndi bulaketi ya mabawuti awiri kapena limodzi, ndipo ndi long'ambidwa mbali imodzi kuti lizivulika. Onetsetsani kumene mng'aluwo wayang'ana musanalichotse, mudzalibwezere momwemo. Litsukeni ndi madzi ofunda a sopo, muliumitse bwinobwino. Kenako yang'anani chitsulo chenichenicho pamene bushi limakhala. Kawirikawiri pamakhala utoto wosupuka, dzimbiri ndi girizi wouma wosakanikirana ndi fumbi. Palani ndi sandipepa wosalala, wa nambala 240 kenako 400, mpaka pasalale moti chikhadabo sichikukodwa. Girizi wabwino chotani sangatontholetse bushi limene likukhula pa dzimbiri.

Pomwepo yezani kunenepa kwa chitsulocho ndi vernier, chida choyezera kunenepa kwa zitsulo m'mamilimita. Galimoto za mtundu umodzi zimatha kukhala ndi ma stabilizer osiyana, ina ya mamilimita 22 ina ya 24, ndipo kusiyana kwa milimita imodzi yokha n'kokwanira kubweretsa vuto. Bushi lochepa limafinya chitsulo n'kumalira ngakhale mutapaka girizi, lalikulu limasiya mpata n'kumagunda. Zikagwirizana, pakani m'kati monse mwa bushi ndi pa chitsulo, mubwezere, mumange. Musanalumikize ma link, gwirani nsonga ya stabilizer muikweze ndi kuitsitsa. Iyenera kuyenda ndi dzanja, molimbirako pang'ono koma mosadukiza. Ikakana kusuntha ndiye kuti china chake chikufinya. Ena amakulunga tepi yoyera ya PTFE, ya mapaipi a madzi ija, kamodzi kapena kawiri pa chitsulo asanapake girizi. Pa stabilizer imathandizako ndithu, koma pa kapaipi ka control arm musaikepo, mpata ndi wochepa ndipo imangokwinyikira m'kati.

Control arm imafuna ulemu wake. Galimoto ikhale pa ma stand achitsulo, matayala akumbuyo atsekerezedwe, ndipo musalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke yekha ngakhale kwa mphindi imodzi. Onaninso mmene sipuling'i yakhalira. Pa galimoto zina imakhala pa shock absorber, control arm ilibe katundu wake. Pa zina sipuling'i yatsamira pa control arm yam'munsi, kapena pali torsion bar, ndodo yachitsulo yopotoka imene imagwira ntchito ya sipuling'i, ndipo pamenepo pali mphamvu yotha kuthyola mkono wa munthu. Ngati yanu ndi yotere ndipo simunaigwirepo ntchitoyi, isiyireni galaja. Mabawuti ena a control arm ali ndi washala wopendekera wosinthira alayimenti. Ikani chizindikiro ndi utoto pa washala ndi pa chitsulo musanamasule, kuti pobwezera musasokere kwambiri.

Bawuti likatuluka, kankhani kapaipi kaja katuluke. Mabushi ambiri a polyurethane ndi a zidutswa ziwiri, chimodzi mbali iyi china mbali inayo, ndipo zimatuluka ndi manja kapena ndi sikuludiraiva yosathwa. Tsukani zonse. Kapaipi ndi kamene kamakuuzani zoona. Kakakhala kosalala ndi kowala, zili bwino. Kakakhala ndi dzimbiri la pamwamba, kapaleni ndi sandipepa wosalala uja. Kakakhala ndi maenje akuya kapena mizere yokumbika, kasintheni, chifukwa kadzadya m'kati mwa bushi ngati tupa. Yang'ananinso m'diso la control arm momwe bushi limalowa. Ngati munatsala zidutswa za labala wakale kapena dzimbiri lotupa, bushi silikhala pansi bwino, ndipo limatulukira kunja kupitirira kapaipi. Izi n'zofunika kwambiri: bawuti liyenera kupanikiza kapaipi kachitsulo, osati polyurethane. Mukasonkhanitsa zonse, nsonga za kapaipi zikhale pafupifupi zolingana ndi nkhope za bushi. Bushi likatalika kuposa kapaipi limafinyidwa pakati pa zitsulo, girizi yense amatuluka, limalira, ndipo bawuti limatha kukhwefuka pakapita nthawi bushi likaphwatalala.

Malo opaka ndi atatu. M'bowo la bushi monse, kunja kwa kapaipi konse, ndi nkhope ziwiri za m'mbali zimene zimakhudzana ndi bulaketi kapena ndi mawashala. Malo achitatuwa ndi amene anthu amaiwala, chonsecho nkhope zimenezi zimakhula pa chitsulo nthawi iliyonse control arm ikasuntha, ndipo mabushi ambiri olira amalirira pamenepo. Mabushi abwino amakhala ndi timizere kapena timaenje m'bowo lake, tosungira girizi. Tidzazeni ndi chala, musangodutsapo. Theka la supuni yaing'ono limakwanira bushi limodzi lapakatikati. Lowetsani kapaipi pang'onopang'ono mukukazungulitsa, kuti kasakankhire girizi yense kunja, ndipo amene watulukira mbali inayo mumupake pa nkhope. Mukamanga, pukutani wotsala kunja, popeza girizi wosakanikirana ndi mchenga amasanduka sandipepa.

Za kunja kwa bushi, kumene limakhudzana ndi diso la control arm, opanga amasiyana. Ena amati pakani paliponse pamene polyurethane akukhudza chitsulo, ena amati kunja kukhale kouma kuti bushi lisamazungulire m'diso. Tsatirani pepala lanu. Ngati linatayika, maganizo anga ndi akuti kunjako mungonyowetsa ndi madzi a sopo kuti lilowe mosavuta, chifukwa kuzungulira tikukufuna pa kapaipi, osati m'diso.

Pa thupi la bawuti, mbali imene imakhala m'kati mwa kapaipi, pakani phala loteteza zitsulo lotchedwa anti-seize pang'ono kuti zisadzagwirane ndi dzimbiri. Koma mazinga a bawuti akhale ouma pokhapokha buku la galimoto litanena zina. Mazinga opakidwa girizi amaterera, torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, imaonetsa nambala yoyenera pamene bawuti lakokedwa mopitirira, mwina mpaka kutamuka. Manati okhala ndi pulasitiki m'kati asinthidwe ndi atsopano, chimodzimodzinso mabawuti amene buku likuti ndi ogwiritsa ntchito kamodzi. Kumanga komaliza kuchitike galimoto itakhala pa matayala ake, pa msinkhu umene imayendera. Pa bushi la labala lamuloli silikambirana, chifukwa mukamanga tayala likulendewera labalayo amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo amang'ambika msanga. Polyurethane amazungulira momasuka, ndiye sizimukhudza kwambiri, komabe chitani choncho, popeza pa control arm imodzimodziyo pakhoza kukhala bushi lina la labala. Girizi asakhudze disiki kapena mapadi a mabuleki. Mukatha, kapangitseni alayimenti, ndipo mukayenda masiku angapo muyesenso mabawuti onse ndi torque wrench.

Mwina mufunsa ngati pali njira yoti musamamasule chaka ndi chaka. Ilipo, ndiyo kuika nipo ya girizi, kachitsulo kokhala ndi kabowo kopoperapo girizi. Mabulaketi ena a stabilizer amagulitsidwa ali nayo kale, ndipo amenewo ndi abwino. Pa control arm pamafunika kuboola diso ndi bushi lomwe mpaka pa kapaipi. Nipo ya mazinga a M6 x 1 imafuna bowo la mamilimita 5 kenako kudula mazinga. Nipoyo ikhale yaifupi kuti isakhudze kapaipi, ndipo m'bowo la bushi mukhale kanjira koti girizi azungulire. Popanda kanjirako girizi amangothawira pakati pa bushi ndi diso, pamene sakufunika. Popopa, kamodzi kapena kawiri n'kokwanira, tayala likulendewera. Mukapopa mwamphamvu zidutswa ziwiri zija zimakankhidwira kunja. Mpope wake ukhale wa girizi wa silicone yekha. Koma control arm ya aluminiyamu kapena ya chitsulo chopyapyala isabooledwe, bowolo likhoza kukhala poyambira mng'alu pa chitsulo chimene chanyamula tayala.

Za nthawi yopakanso, palibe nambala imodzi ya galimoto zonse. Yoyenda pa tala mouma imatha zaka osalira, yoyenda m'matope, m'fumbi kapena kuwoloka madzi imafuna kuonedwa pafupipafupi. Muziwayang'ana pa sevisi iliyonse, ndipo ngati misewu yanu ndi yovuta muzipakanso kamodzi pachaka osadikira phokoso. Otsuka galimoto ndi mpope wa madzi amphamvu muziwauza asalunjikitse pa mabushi, chifukwa madzi amenewo amachotsa ngakhale girizi womata uja.

Pamene mwawamasula, onani ngati akadali oyenera kubwezeredwa. Bowo likasanduka ngati dzira, kapaipi n'kumagwedera m'kati, bushilo latha. Chimodzimodzi likakhala ndi ming'alu, nkhope zake zitang'ambika, kapena likamanyenyeka mukalikanda ndi chikhadabo. Kunyenyekako kumachitika polyurethane wa mtundu wina akakhalitsa potentha ndi pachinyezi, ndipo girizi sangalibweze. Limene lili pafupi ndi paipi ya ekizozi lionedwe ngati silinafewe kapena kusungunuka ndi kutentha. Kwa inu, pa miyezi 8, sindikuyembekezera zimenezi pokhapokha ngati anaikidwa ouma kuyambira tsiku loyamba.

Pitani ku galaja yokhala ndi zida ngati bawuti lagwirana ndi kapaipi moti likuzungulira osatuluka, chifukwa pamenepo pamafunika kudula, ndipo moto wa gasi pafupi ndi polyurethane umamuwononga n'kutulutsa utsi woipa. Pitaninso ngati bushi lanu ndi la chidutswa chimodzi chofuna puresi, ngati mwaona mng'alu pa control arm kapena pa bulaketi, ngati galimoto ikukokera mbali imodzi, kapena matayala akudyeka mbali imodzi. Ndipo ngati mwachita zonsezi molondola koma bushi lina n'kuyambanso kulira patangotha milungu yochepa, musawonjezere girizi. Pali malo ena m'galimoto pamene bushi silingozungulira, liyeneranso kupendekera m'mbali control arm ikamayenda, monga bushi lalikulu lakumbuyo kwa control arm yakutsogolo pa galimoto zambiri, kapena la trailing arm, mkono wogwira tayala lakumbuyo. Labala amalola kupendekako, polyurethane wolimba amakana, ndiye amafinyika mbali imodzi, girizi amatuluka, mphamvu yotsalayo n'kupita pa bulaketi. Pamalo oterewa muuzeni makaniko ayese kuyendetsa control arm ndi manja sipuling'i ndi shock absorber zitamasulidwa. Ikamakakamira penapake, bushi limenelo lisinthidwe ndi lofewerapo lopangidwira malowo, kapena mubwezerepo la labala, ena onsewo akhale a polyurethane monga alili.